Mmene Ndinagwetsera Mtengo wa Ahedi

Sukulu sanandithamangitse ayi. Ndinaisiya ndekha ndili Fomu 3, pakati pa temu yachiwiri, dzuwa lili pamutu. Anthu akandifunsa ndimati fizi inavuta, chifukwa yankho limenelo limatseka pakamwa pa munthu msanga. Koma ndi bodza. Bambo anga anali alangizi a zaulimi, boma linawatumiza ku Nkhamanga kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo sanalepherepo kundilipirira. Chinandichotsa pasukulu ndi cholembera chofiira cha ahedi.

Ahedi ankatiphunzitsa masamu. Anali munthu wa ku mishoni weniweni: mkulu wa mpingo, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala, nsapato zowala ngati sayenda pa fumbi lomwe tinkayendapo tonsefe. Sankamenya, sankakalipa. Ankangolemba. Pepala langa lililonse linkabwera ndi mawu amodzimodzi pamwamba, ofiira: werenga kaye funso. Tsiku lina anaimirira kutsogolo ndi pepala langa n'kuuza kalasi kuti mnyamata uyu wapeza yankho lolondola la funso lomwe palibe anamufunsa. Kalasi inaseka. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankakhala benchi yakutsogolo, sanaseke, anangoweramitsa mutu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kwa enawo. Ndinatola mabuku n'kutuluka. Ahedi anabwera kwathu kawiri pa njinga kudzanditenga. Maulendo onse awiri ndinabisala m'chigafa cha fodya cha aneba mpaka anatopa kudikira.

Bambo atapuma ntchito anabwerera ku Dedza. Ine ndinatsala. Ndinapeza benchi pakhonde la golosale ina pa Bolero, n'kuyamba kulowetsa nyimbo m'mafoni, kusintha masikirini osweka, kutsegula mafoni omwe eni ake aiwala nambala yachinsinsi. Palibe anandiphunzitsa. Ndinkangodinadina mabatani mpaka chinthu chitheke, ndipo chikatheka ndinkapanga nkhope ya munthu amene ankadziwa kuyambira pachiyambi. Anthu anayamba kunditcha injiniya. Ena ankatero monyoza, koma ine ndinkavomera ndi mtima wonse.

Lolemba lina mu Novembala, kukutentha kwa mvula isanagwe, ndinangoona akazi a ahedi ataima patsogolo pa benchi yanga ndi ambulera. Tonse tinkawatcha amama. Nthawi imeneyo ahedi anali atapuma ntchito, ndipo chaka chapitacho matenda anawagwetsa: mbali yakumanja inafa, lilime linalemera. Ndinali nditamva, koma kukawaona sindinapite.

Amama anandilankhula Chichewa chawo chokoka ngati akuimba, chomwe ankachisungira ife obwera. Anati Lachisanu mwana wawo wotsiriza, yemwe uja wa benchi yakutsogolo, akulandira digiri kum'mwera, ndipo mwambo wonse auonetsa pa kanema kuyambira m'mawa. Ahedi sangayende ulendo wa masiku awiri pa basi, adokotala analetsa, ndipo iwo sangasiye amuna awo okha. Kanema wawo wakale anafa. Komwe kunali dishi ya kanema pafupi kunali ku bala, ndipo mkulu wa mpingo sangalowe mu bala ngakhale atamunyamula. Koma mwana wawo wamwamuna wa ku Joni anatumiza laputopu ndi kachipangizo kena koti ukakalumikiza umaonera kanema pa kompyuta pomwepo. Zinali zikadali m'katoni.

"Mwana wane, ahedi akuti akufuna iwe," anatero.

Ndinafunsa ngati anatchuladi ine. Anati eya, alemba dzina langa papepala. Ndinanyada, sindikana. Ndinaganiza kuti tsopano munthu wa cholembera chofiira uja aone yemwe akufuna mnzake.

Nyumba yawo ili kunja kwa Bolero, panjira yolowera kuminda. Pabwalo panali mtengo umodzi wokha, wa mapeyala, waukulu kuposa denga. Amama anaubweretsa uli kambande kuchokera kwawo kumapiri n'kuuthirira ndi madzi otsukira mbale mpaka unakula, ku chigwa komwe anthu ankati mapeyala sachita bwino. Chaka chilichonse ankapakira mapeyala m'katoni n'kutumizira mwana wamkazi uja ku koleji pa basi. Chidwalireni, ahedi ankakhala pansi pa mtengo umenewo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa m'nyumba ya malata mu Novembala simukhalika. Ndinawapeza pomwepo, pa mpando wansalu, tayi ili pakhosi, kope la sukulu lili pamiyendo. Anandipatsa dzanja lamanzere. Anayamba kunena kanthu, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wouma. Ndinati ndamva, ndamva, n'kulowa m'nyumba. Sindinamve kalikonse.

Tisanatsegule katoni amama anati tipemphere. Ndinatseka diso limodzi.

Kachipangizoko kanali ngati fulashi, koma konenepa, kokhala ndi bowo kumbuyo lolowetsa waya wa eriyo. M'katonimo munalinso kachimbale ka pulogalamu, kaeriyo kotalika ngati pensulo, ndi kabuku ka malangizo ka zilembo zing'onozing'ono. Kabukuko ndinakaponya pambali. Amama anakatola n'kukapereka kwa ahedi panja.

Pulogalamu inalowa bwinobwino. Nditaitsegula inandifunsa dziko. Ndinatsitsa mndandanda wonse, mayiko ambirimbiri, ena sindinawamvepo, koma Malawi panalibe. Sindinadabwe, ife amatiiwala kulikonse. Ndinasankha poti mayiko ena onse. Pansi pake panali kabokosi kakang'ono kolembedwa 6. Sindinadziwe ntchito yake, choncho ndinakasiya mmene kanalili. Ndinadina poti fufuza. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa kuchoka kumanzere kupita kumanja, manambala akusinthasintha pamwamba pake. Kanatenga mphindi ngati khumi kuti kafike kumapeto. Matchanelo opezeka: ziro.

Ndinauza amama kuti kaeriyo aka n'kachizungu, n'koonera m'tauni, kuno kukufunika eriyo yeniyeni. Lachiwiri tinatsitsa eriyo ya kanema wakale uja padenga, ndinaipala dzimbiri, ndinalumikiza waya watsopano, n'kuimangirira kunsungwi. Aneba awo, bambo wina mlimi wa fodya wokonda zoseka, anabwera kudzathandiza. Ziro. Lachitatu anebawo anabweretsa pholo la bulugamu lalitali, tinalikumbira pafupi ndi khonde. Iwo ali panja akuzungulitsa pholo, ine ndili m'kati ndikukuwa pawindo kuti kumanja pang'ono, bwererani, imani pomwepo.

Apa ndinene zoona: ndinkachita zomwe ndinaona akuluakulu akuchita ndili mwana. Kanema wakale chithunzi chinkabwera pang'onopang'ono. Poyamba mchenga wokhawokha, ukazungulitsa eriyo mumchengamo mumatuluka mthunzi wa munthu, ukazungulitsanso munthuyo amamera mphuno. Za digito sizitero. Kaya zonse, kaya palibe. Ukazungulitsa eriyo uyenera kudinanso fufuza n'kudikira kamzere kaja kakwawe mpaka kumapeto, ndiye uone. Ine kudikira ndi chinthu chomwe Mulungu anandimana. Pofika masana a Lachitatu ndinali nditaona ziro kasanu ndi kawiri, malaya atanyowa, ndipo anebawo anali atayamba kufunsa ngati injiniya wa mafoni ndi injiniya wa kanema amaphunzira sukulu imodzi.

Ndi pomwe ahedi anagogoda mwendo wa mpando ndi ndodo yawo. Ndinatuluka. Kabuku kaja kanali pamiyendo pawo, galasi lokulitsa zilembo lili pamwamba. Masiku awiri onsewo anali akuwerenga, mzere ndi mzere, zinenero zonse zomwe ankazidziwa ndi zomwe sankazidziwa.

"Tsamba," anatero. Anapuma. Milomo inalimbana. "Tsamba... la..."

Ndinati ahedi, nthawi yatha, ndikudziwa chomwe ndikuchita. Sanakwiye. Anatsegula kope lawo, anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, n'kuyamba kulemba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, zilembo zopendekeka ngati za mwana wa Sitandade 1. Cholemberacho chinali chofiira. Sindikudziwa ngati analibe china kapena anazolowera chabe. Anang'amba pepalalo n'kundipatsa. Analemba kuti: tsamba 9, dziko likasowa pamndandanda, yesa 7, yesanso 8.

Ndinayang'ana utoto wofiirawo. Ndinaona kalasi ija, mabenchi, mutu woweramitsidwa uja. Ndinaika pepalalo pa dzanja la mpando wawo osalipinda n'komwe.

"Ahedi, kuno si m'kalasi."

Ndinanena choncho pamaso pa amama ndi pamaso pa aneba. Kenaka amama anafunsa, mofatsa, kuti nanga vuto n'chiyani, mwana wane, poti mawa ndi Lachinayi. Ndinakweza maso kufuna chonena, ndipo ndinaona kuti eriyo yaloza kuphiri komwe anthu ankati kuli nsanja ya kanema, ndipo pakati pa eriyo ndi phirilo pali mtengo wa mapeyala. Ndinauloza. Ndinati vuto ndi uwu. Masamba akutchinga netiweki.

Sindinkadziwa ngati n'zoona. Ndinangofuna kuti vuto likhale chinthu choti munthu angachiloze ndi chala, chomwe si ine. Anebawo anati nawonso anamvapo zoterozo, koma anafunsa ngati sitingasunthe pholo kupita kuseri kwa nyumba. Ndinati waya akatalika mphamvu imathera panjira. Anafunsa ngati kusadza nthambi zapamwamba sikungakwane. Ndinati mapeyala ali ndi madzi ambiri, thunthu lomwe limakoka netiweki. Mawu ankangotuluka okha, osalala, ndipo pamene ndinkawonjezera ndi pamene ndinkawakhulupirira.

Ahedi anapukusa mutu. Anapukusanso. Amama anayang'ana mtengo nthawi yaitali, anayang'ana amuna awo, n'kuwalankhula m'Chitumbuka, chomwe ndimamva ngakhale sindichiyankhula bwino. Anati adada, mwana avala gauni kamodzi kokha, mtengo tidzabzala wina. Iwo ankaganiza kuti ahedi akukana chifukwa cha mthunzi.

Lachinayi m'mawa kunabwera amuna awiri ndi nkhwangwa ndi chingwe. Ahedi anasamutsidwira pakhonde, mpando wawo unatsamira khoma pansi penipeni pa windo la pabalaza. Amama anapempheranso. Odulawo anati ayamba ndi nthambi zomwe zaweramira kudenga, thunthu pambuyo. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinati ndikukonzekera.

Panalibe chokonzekera. Ndinakhala patebulo ndikumva nkhwangwa, go, go, go. Pansi pa laputopu panatulukira kangodya ka pepala la ahedi lija. Amama analitola dzulo lake n'kuliika pamenepo, monga ankachitira ndi chilichonse cholembedwa ndi amuna awo. Ndinalisolola. Panalibe wondiona. Ndinaganiza kuti ndiyese, kuti ndidzathe kunena kuti za ahedi zija ndinayesa, sizinathandize.

Ndinasintha 6 kukhala 7. Kamzere kanakwawa mpaka kumapeto. Ziro. Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Panja nthambi yoyamba inagwa, ndinamva timapeyala tikugubuduzika pansi. Ndinasintha kukhala 8 n'kudina.

Kamzere kasanafike n'pakati pomwe, pabokosi lomwe masiku atatu linali loyera panagwera dzina la tchanelo. Kenaka lina. Kenaka anayi nthawi imodzi. Ndisanaganize chochita, sikirini inatseguka yokha, ndipo panaoneka mayi wina ataima m'munda wa chimanga akufotokoza kapangidwe ka manyowa, nkhope yake ikuoneka bwino mpaka thukuta la pamphuno. Mawu anaphulika m'nyumba monse, chifukwa voliyumu ndinali nditaikweza mpaka kumapeto kuyambira Lolemba. Ndinadina batani lotseka mawu. Mayiyo sanamalize n'chiganizo chimodzi chomwe.

Ndinasuzumira pawindo. Pansi panali nthambi ziwiri zokha. Thunthu linali lisanakhudzidwe. Mtengo unali chiimire pakati pa eriyo ndi phiri, masamba ake pafupifupi onse, ndipo kanema ankaoneka.

Kuchoka patebulo kufika pabwalo ndi mapazi khumi. Ndawerengapo kambirimbiri m'mutu. Ndikanatuluka n'kunena kuti imani, zatheka. Amama akanakondwa, palibe akanandimenya. Koma ndinaona anebawo akufika pa Bolero madzulo, akufotokozera anthu pakhonde la golosale mmene injiniya analephera masiku atatu mpaka anaphunzitsidwa ndi nkhalamba yofa mbali imodzi, ya cholembera chofiira. Ndinaona ahedi akundiyang'ana. Ndinaona kuti ndiyenera kubweza mawu onse aja a madzi a m'thunthu.

Ndinafufuta matchanelo onse. Ndinabwezera 6. Ndinatseka laputopu n'kupinda manja.

Odula aja ndi aneba sanamve kanthu, nkhwangwa zinkalira pamtengo ndipo iwo ankakuwirana za chingwe. Amama anali cha kukhitchini. Koma ahedi anali pansi pa windo, ndipo matenda aja sanakhudze makutu. Ndinamva ndodo ikugunda simenti ya pakhonde, mwamphamvu, mobwerezabwereza. Ndinamva akuyesa kutchula dzina langa, likukanirira pa chilembo choyamba. Kenaka anayesa kuitana odulawo. Chomwe chinatuluka sichinali mawu. Amama anathamanga, anagwada pambali pawo, anawagwira dzanja lomwe linali ndi ndodo.

"Pepani adada, pepani chomene. Ndi mtengo chabe. Mawa muona mwana."

Ankawasisita dzanjalo kuti akhazikike, ndipo sakanatha kulemba. Ine ndinali mbali ina ya khoma lomwelo, msana wanga ndi msana wawo zitasiyana ndi njerwa imodzi. Ndinakhala choncho kupitirira ola. Munthu yemwe sindinkatha kudikira kamzere ka mphindi khumi, tsiku limenelo ndinadikira bwinobwino.

Mtengo unalira, kenaka unagwa. Nyumba inanjenjemera. Pabalaza panawala kuwala komwe sikunalowemo zaka zambiri, fumbi likuuluka m'kati mwake. Ndinatuluka n'kuuza onse kuti bwerani muone. Ndinaima mophimba sikirini ndi thupi, ndinasintha 6 kukhala 8, ndinadina, n'kupatuka. Mayina anayamba kugwera m'bokosi muja. Chithunzi chinatseguka. Amama analulutira, munthu yemwe sindinamumvepo akukweza mawu. Anebawo anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti anzathu inu, mutu uwu sukulu inataya. Ahedi sanalowe. Anati awasiye pakhonde.

Madzulo amama anatenga beseni n'kutola mapeyala omwe anamwazika pabwalo. Anali aang'ono ngati mazira, osakhwima. Anatola onse, mbuzi zisanafike.

Lachisanu pabalaza panadzaza. Amayi a kumpingo anakhala pamphasa, abambo pamipando, ena pawindo. Laputopu tinaiika pa kampando pamwamba pa tebulo, ahedi kutsogolo kwenikweni, atavala jekete. Polumikizira waya wa eriyo panali polobodoka, munthu akagunda tebulo chithunzi chinkauma n'kusweka timabokosi. Choncho ndinagwada pambali pa tebulo n'kugwira wayayo ndi zala mwambo wonse, bondo langa litagunda nsapato ya ahedi.

Akuluakulu analankhula, analankhulanso. Kwaya inaimba. Kenaka anayamba kuitana mayina, mazanamazana, anthu ovala zakuda akudutsa ngati nyerere. Amayi ena anayamba kusinza. Ahedi sanaphethire. Dzina la mwana wawo litatchulidwa, anatuluka kumbali kwa sikirini, wowonda kuposa mmene ndinkamukumbukira, chipewa chitapendekeka pang'ono. Anayenda, anagwada, anaimirira, anatembenukira kukamera, n'kutuluka mbali inayo. Ukanati uyetsemule ukanamuphonya. M'nyumba munali nthungululu. Ahedi anakweza dzanja lamanzere m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho, n'kulisiya momwemo mpaka mayina ena atatu anadutsa. Misozi inatsika mbali imodzi yokha ya nkhope.

Ine ndinkayang'ana waya. Mtsikana ameneyo masamu ndinkamuposa.

Mwambo utatha anthu anatuluka kukadya. Pabwalo panalibe pokhala. Anapanikizana m'kamthunzi ka khoma, mbale zili m'manja, akusuntha pamene dzuwa linkasuntha, chitsa chili pakati pa bwalo chikutuluka utomoni. Ndinkafuna kutuluka nawo, koma ahedi anandigwira malaya. Dzanja lamanzere lija linali ndi mphamvu. Anatsegula kope lawo pa tsamba la dzulo n'kulitembenuzira kwa ine. Panali mizere iwiri yofiira. Woyamba: mawu amveka, 9:20. Wachiwiri: mtengo wagwa, 10:45.

Ndinawerenga. Ndinawerenganso, ngati pali china chingasinthe. Anayamba kulankhula, ndipo ulendo uno ndinadikira, chifukwa ndinalibe kothawira.

"Amama... asadziwe." Anapuma nthawi yaitali. "Iwo akuti... anapereka mtengo... ine ndione mwana. Zikhale... choncho."

Anapanikiza kope ndi chigongono, anang'amba tsambalo, n'kuliika m'thumba la malaya anga iwo eni. Ndinkayembekeza mawu aja atatu a pamwamba pa mapepala anga. Ndikanakonda akanawanena, ndikanapeza pokwiyira. Sanawanene.

"Mwana... ndamuona," anatero. "Yewo."

Anandithokoza. Pamenepo munthu amagwada n'kupepesa. Ine ndinayang'ana tebulo n'kunena kuti waya uyu asamamugwedeze, ndi wolobodoka. Ndinatuluka.

Pochoka amama anandipatsa jumbo ya mapeyala, anasankha akuluakulu mwa aja anatola. Anati ndikawakwirire m'madeya, mwina apsa. Ndinakawakwirira. Patatha sabata anada kunja, m'kati ali gwa ngati mphira, owawa. Ndinawataya kuseri kwa golosale.

Mbiri inayenda. Anthu a ku Mhuju ndi a ku Katowo anayamba kundiitana pa nkhani za kanema, akuti ndi mnyamata uja anadziwa kuti mtengo ukutchinga. Anebawo ankaifotokoza bwino nkhaniyo, ankawonjezera ndi zina. Sindinatsutsepo. Ahedi tsopano ankayamba tsiku kuseri kwa nyumba, masana pakhonde, madzulo mbali ya kum'mawa, amama akuwanyamulira mpando kutsata mthunzi wa khoma. Ndinkawaona patali ndikamadutsa, mpaka ndinayamba kuzungulira njira ya kudambo, yomwe ndi yaitali.

Mvula itagwa amama ananditumizira uthenga kuti chithunzi chayambanso kuuma. Ndinapita, ndinamanga polumikizira paja ndi tepi, zinatheka. Potuluka anandikokera pachitsa. Chinali chitaphuka. Mphukira zisanu kapena zisanu ndi imodzi, masamba ofiirira, ofewa, ndipo anali atazitchingira ndi minga kuopa mbuzi. Anandionetsa ngati akundionetsa mdzukulu. Kenaka nkhope inasintha. Anafunsa ngati azithyole, poti ahedi tsopano azolowera kuonera mapemphero a Lamulungu pa kompyuta, ndipo iwo safuna kuti mtengo uwatchingirenso.

Ahedi anali pakhonde, kope pamiyendo, akutiyang'ana.

Ndinati azisiye, mphukira sizitchinga.

"Nanga ukadzakula, mwana wane?"

Ndinayang'ana minga ija. Ndinati ukadzakula adzandiitane.